Mmene Ndinabalalitsira Mudzi ndi Ndowe za Njovu

Ku Tembwe kuli anthu amene mukangowatchulira dzina langa amayamba kutsokomola. Sikuti amadwala ayi. Ambiri amatsokomola mwadala kuti anzawo aseke, koma ndamva kuti pali mkulu wina amene chifuwa chimamugwira chenicheni akangokumbukira. Nkhaniyi ndakhala ndikuikhalira, koma poti mkazi wanga anaifalitsa kale kutchalitchi ndi kwa abale ake onse (ndipo amaithira mchere, chaka chilichonse utsi wake umakulirakulira), ndaona kuti kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si Msenga monga eni ake a ku Tembwe. Bambo anga anali aphunzitsi, Achewa a ku Katete, ndipo boma linawatumiza ku Tembwe ine ndisanayambe sukulu. Mayi anga ankadwaladwala, miyezi yambiri ankakhala ku Lundazi pafupi ndi chipatala. Amene anandilera kwenikweni ndi mayi wina wa pafupi ndi nyumba za aphunzitsi, aNyaGoma. Anali ndi mwana wamwamuna wa msinkhu wanga, Yotamu, ndipo sindikumbuka tsiku limene anasiyanitsa awirife. Akakazinga mtedza tinkagawana, akathyola kamtengo tinkagawananso. Bambo atawasamutsa ndinachoka ndikulira pamwamba pa katundu mulole, ndipo panapita zaka zoposa makumi atatu ndisanapondekonso. Koma pakamwa pokha sindinachokeko. Ku Lusaka aliyense wondidziwa anamvapo kuti ine ndine wa ku Malambo (ndi mmene timatchulira chigwa cha Luangwa), kuti ndinakulira madzi ofukula mumchenga, kuti njovu ndimaimva fungo isanaoneke. Mkazi wanga anazimva zimenezi mpaka kuziloweza.

Mwayi unapezeka pamene mng'ono wake ankakwatiwa ku Chinsali. Munthu wanzeru akamachoka ku Lusaka kupita ku Chinsali amadzera ku Serenje ndi ku Mpika. Ine ndinati ayi, tinyamuke msanga, tidzere ku Chipata, Lundazi ndi Chama, tikatulukire ku Matumbo. Mkazi wanga anandifunsa ngati galimotoyo inandilakwira. Ndinamuuza kuti ndikufuna akaone kumene ndinakulira, koma chenicheni sindinamuuze. Ndinkafuna ndikafike pakhomo pa aNyaGoma ndi kulandiridwa monga mwana wa pakhomopo, iye akuona. Makolo anga onse anali atamwalira, ndipo munthu ukamakula umalakalaka patakhala khomo limodzi padziko pamene sufunika kuodira.

Tinagona ku Chipata, tinagonanso ku Lundazi, ndipo kuchoka pamenepo msewu unayamba kutiphunzitsa kupemphera. Unali mwezi wa Meyi, mvula itangosiya kumene, maenje akadali ndi matope pansi. Koma titayamba kutsetsereka kulowa m'chigwa, kutentha kutatimenya kumaso, mtima wanga unabwerera ku ubwana. Ndinatsitsa galasi kuti ndimve fungo la mpunga wakucha ndi utsi wa nkhuni za mupani. Mkazi wanga anakweza chifukwa cha ntchentche zoluma. Ndinatsitsanso. Tinayenda choncho, wina kutsitsa wina kukweza, mpaka pa boma la Chama, pamene ndinakhotetsa galimoto kuloza ku Tembwe.

Tinafika dzuwa litapendeka. Ndinaimika galimoto pa timasitolo n'kumuuza kuti titsike, ndimuonetse kwathu wapansi. Ndinamutengera pamene panali mtengo wa bwemba umene tinkaugenda tikaweruka kusukulu, ndipo tinapezapo kachipinda kotchajira mafoni, sola ili padenga. Ndinamutengera pamene panali sitolo ya mkulu wina wogulitsa mchere, parafini ndi masiwiti omata m'mano. Tinapezapo chigayo chopunthira mpunga chikubangula, azimayi ali pamzere ndi matumba awo, mankhusu ali m'mutu monse. Nyumba imene tinkakhala inalipo ndithu, koma inali itafupika. Ine ndinkakumbuka chinyumba cha khonde lalitali loti n'kuthamangirapo, koma ndinapeza kanyumba koti denga lake ndikanalikhudza ndi dzanja. Pachingwe panali zovala za ana a munthu wina.

"Bashi Taonga," anatero mkazi wanga (ndi Mbemba, ndiye amandiitanira dzina la mwana wathu woyamba monga amachitira kwawo), "manje vonse vamene munilangiza ni 'panali, panali'. Kulibe chamene chilipo?"

Ndinamuuza kuti adekhe, mitengo imagwa koma anthu alipo. Anthuwo analipodi, kungoti palibe anandidziwa. Wina anafunsa ngati ndabwera kudzagula mpunga. Wina anandiyesa wa ku ofesi ya zanyama, n'kuyamba kundidandaulira za njovu zimene zinali zitapondaponda munda wa mlamu wake sabata yomweyo. Ndinayesa kutulutsa Chisenga changa kwa mayi wina wogulitsa nsomba zouma, koma chinatuluka ndi dzimbiri. Mayiyo anandimvetsera mwachifundo, kenaka anandiyankha m'Chinyanja, pang'onopang'ono, mokweza mawu. Komabe anatilozera njira. ANyaGoma anali atasamukira kufupi ndi dambo, kumene kuli minda yawo.

Tinawapeza atakhala pamphasa akupeta. Nawonso anali atafupika ngati nyumba ija, koma mikono inali yomwe ija, ndipo lichero linkavina mmene ndinkalikumbukira. Ndinalowa pabwalo osaodira, mwadala, ndi kuima patsogolo pawo ndikumwetulira. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, osandidziwa. Ndinatchula dzina la bambo anga. Anaika lichero pansi, anagwira pakamwa, maso anadzaza misozi. Ndinati basi, tsopano andikumbatira, anditukwane chifukwa chosowa zaka zonsezi. M'malo mwake anakonza chitenje, anagwada pansi, nayamba kuomba m'manja.

"Mwana wa aTicha. Mwatikumbuka, abambo."

Ine abambo! Munthu amene anandisambitsapo ndi mwala kumapaziku. Ndinathamangira kukhala pamphasa pambali pawo, koma anandiletsa. Mphasa ili ndi fumbi, anatero, ndipo mpando unachita kukabwerekedwa kwa anansi. Posakhalitsa Yotamu anatulukira kuchokera kumunda, imvi zili mbuu m'mbali mwa mutu. Ndinadzuka kuti ndimugwire pakhosi monga kale. Iye anavula chipewa, anandipatsa moni ndi manja awiri, nandifunsa ngati abwana ayenda bwino ndiponso ngati ku Lusaka kwayamba kuzizira. Ameneyu ndi munthu amene tinathamangitsidwapo limodzi ndi njiri tili maliseche, tikuchokera kosambira.

Nkhuku inafa. Chakudya anatiikira m'nyumba, patebulo, awiriwiri ndi mkazi wanga, m'mbale zovundikira, ndi masipuni, ndi sopo watsopano woti zilembo zake zinali zisanafufutike. Mpunga unali wa ku Chama weniweni, wonunkhira woti mnansi amadziwa kuti mwaphika, koma ine sindinaumve kukoma. Panja ndinkamva banja lonse likudya ndi kuseka m'Chisenga. Nditatuluka, kuseka kunaleka, aliyense anakhala bwinobwino. Mkazi wanga anandinong'oneza kuti anthuwa akundilemekeza kwambiri, ndisadandaule. Ankanena mondimvera chisoni, ndipo chisonicho ndi chimene chinandiwawa koposa.

Ndinayesa kudzilowetsa ndi ntchito. Ndinagwira ndowa kuti ndikatunge madzi, mkazi wa Yotamu anandilanda. Ndinagwira nkhwangwa, Yotamu anandilanda, akuti ndidetsa malaya. Chilichonse chimene ndinkakhudza chinkachoka m'manja mwanga mwaulemu waukulu.

Dzuwa litalowa, anansi anabwera kudzaona alendo. Anasonkha moto pakati pa bwalo, anthu anakhala mozungulira, azimayi pamphasa, azibambo pa timipando ta ziduli. Panali mkulu wina, aZimba, amene ankakumbuka bwino ndodo ya bambo anga kuposa maphunziro awo. Ine ndinali pampando wanga wobwereka uja, pamwamba pa onse, ngati mlendo wolemekezeka pa tsiku lopereka mphoto kusukulu. Kenaka udzudzu unatuluka m'dambo. Udzudzu wa ku Malambo suchita manyazi ndi mlendo. Mkazi wanga anayamba kudziomba m'miyendo, m'khosi, m'mikono, uku akumwetulira kuti asaoneke wonyada. Apa ndi pamene nzeru inandibwerera, ndipo ndikanakonda ikanasochera panjira.

Tili ana, mankhwala a udzudzu anali ndowe za njovu. Njovu imadya udzu ndi makungwa ambiri, ndiye ndowe zake zikauma zimakhala ngati mtolo wa udzu wopunthapuntha. Ukaziika pamakala siziyaka lawi, zimangofuka utsi wofatsa wonunkha udzu, ndipo udzudzu umathawa. Ine ndi Yotamu ndife tinkatumidwa kukatola, n'kumaziunjika kunsi kwa nkhokwe. Ndinati mumtima, ichi ndiye chinthu choti mlendo sangachidziwe. Ndikachita chimenechi popanda wondiuza, aNyaGoma aona okha kuti mwana wawo sanaiwale.

Mwayi wake (panthawiyo ndinkauyesa mwayi) aNyaGoma anali atalowa m'nyumba kukatikonzera pogona, ndipo Yotamu anali kukhola akutsekera mbuzi. Ndinadzuka ngati ndikupita kukataya madzi, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Ndinawerama, ndinapapasa, ndipo zinalipo, malo omwe aja. Kungoti sizinali zobulungira monga kale. Zinali zoumbidwa bwinobwino ngati njerwa, zina zoboola pakati, zitasanjidwa mwadongosolo. Ndinaima n'kugwedeza mutu ndi kunyadira. Chitukuko chafikadi, ndinatero, ngakhale ndowe masiku ano akuziumba m'chikombole. Ndinayatsa tochi ya pafoni, ndinaona timadontho tofiira mkati mwake. Ndinalingalira kuti njovu imeneyi iyenera kuti inadya masawu. Paja amati safunsa anadya phula, koma ine ndikanafunsa bwanji, pamene cholinga chonse chinali kuonetsa kuti sindifunika kufunsa?

Njerwa imodzi ikanakwana. Ine ndinanyamula zodzaza mikono, n'kubwereranso kachiwiri kukatenga zotsala, poti anthu anali ambiri ndipo ndinkafuna ntchito ioneke. Ndinaziunjika kumdima kuseri kwa mpando wanga. Kenaka ndinakonza kukhosi, ndinauza mkazi wanga mokweza, kuti onse amve, kuti aonetsetse mmene ife ana a ku Malambo timachitira ndi udzudzu, kopanda za m'masitolo. Ndinanyamula mulu wonse n'kuukhuthulira pamoto.

Anayamba kuzindikira ndi aZimba. Anasuzumira pamoto, anandiyang'ana, anasuzumiranso. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma ulemu unawachedwetsa, poti mlendo wa ku Lusaka sungangomukalipira. Pamene ankasankha mawu oyenera, utsi unali utadzuka kale, woyera, wokhuthala, ukukwawira pansi. Anangoti, "Abwana, izo ni za..." ndipo mawu otsalawo anathera m'chifuwa.

Sindidziwa ngati munapumirapo utsi wa tsabola. Sunena kuti ndikubwera. Umangomva ngati wina wakulowetsa khala m'mphuno n'kulikankhira kukhosi, maso n'kutsekeka okha. Bwalo lonse linadzuka kamodzi. Azimayi anafunditsa ana zitenje n'kuthawa, timipando tinagubuduzika, wina anaponda mbale. Galu anayetsemula, anazungulira malo amodzi, nalowera kutchire. Nkhuku zimene zinali zitakwera kale mumtengo zinayamba kugwa ngati mango. AZimba, amene anabwera akutsimphina ndi ndodo, ndodoyo anaisiya pomwepo, ndipo ndinawaona akudumpha mtondo. Mkazi wanga sindinamuone n'komwe kumene analowera. (Iye amati anayesa kundikoka. Ine ndikukumbuka kuti ananditsogolera patali ndithu.)

Munthu wanzeru akanathawa nawo. Ine ndinaona kuti ndiyenera kukonza zimene ndawononga. Ndinatola lichero la aNyaGoma n'kuyamba kukupiza kuti utsi uchoke pabwalo. Moto unakondwera, njerwa zimene zinali zisanagwire zinagwira, ndipo utsi unalunjika kukhola kumene kunali Yotamu ndi mbuzi. Nditamva mbuzi zikutsokomola ngati anthu, ndinataya lichero, ndinanyamula ndowa ya madzi n'kukhuthulira pamoto. Chinatuluka pamenepo ndi chinthunzi chotentha chimene chinandimenya kumaso kwenikweni. Ndiye poti maso ankawawa, ndinawatikita ndi manja, manja omwe aja ananyamula njerwa.

Ndinagwada pakati pa bwalo, wosaona, mamina ndi misozi zili chuchuchu, ndikuitana dzina la mkazi wanga. Amene anayankha si iye. Ndinangomva tsache likutera pamsana.

"Chindere iwe! Ni njani wakutuma?"

Chitsiru iwe, wakutuma ndani. Chisenga chonse chimene ndinkati ndinaiwala chinabwerera nthawi yomweyo, ndipo ndinamva liwu lililonse. ANyaGoma, atadzimanga chitenje kumphuno, ankandikwapula uku akundikokera kumene kunkachokera mphepo. Ananena kuti ndinali wosamva kuyambira kale, kuti manja anga sanakhalepo phee, kuti ndevu zamera koma mutu ndi womwe uja unalowetsa mkono m'phanga la njuchi. Anandikhazika pansi, padothi, nanditsuka kumaso ndi madzi mosanyengerera, akundipotoza khutu kuti ndisagwedezeke. Ndinkalira ndi tsabola, inde. Koma ndivomere kuti pena pake ndinkaseka, ndipo tsache lija ndinkalimva kukoma.

Anthu anasonkhana pachulu kunja kwa mudzi, akutsokomola ndi kupukuta maso. Kumeneko ndi kumene Yotamu anandifotokozera, uku akulephera kupuma ndi kuseka. Njerwazo ndi za njovu, osati za udzudzu. Amasakaniza ndowe ndi tsabola wosinja, n'kuumba, n'kuyanika. Mpunga ukamacha amaziyatsa m'mphepete mwa munda, zimafuka pang'onopang'ono, ndipo njovu ikamva utsiwo imabwerera. Nzeruyi inabwera ine nditachoka kale. Aliyense m'mudzimo, ngakhale mwana woyamba kumene kuyenda, amadziwa kuti za kunsi kwa nkhokwe sazigwira. Munthu wa m'tauni weniweni sakanazikhudza n'komwe, akananyansidwa nazo. Zinafunika munthu wonga ine, wodziwa theka.

Kenaka Yotamu analeka kuseka. Anati njerwa zimenezo ndi zimene amayenera kupita nazo kumunda madzulo omwewo. Mpunga wa mayi ake unali utangotsala pang'ono kuti aumwete, ndipo njovu zimene anandidandaulira pa timasitolo zija zinali zikuzungulirabe kudambo. Mpungawo ndiwo chakudya chawo cha chaka, ndiwonso umaphunzitsa adzukulu. Apa kuseka kwanga kunauma. Ndinabwera kudzafuna malo pakhomo pano, ndipo ndinali nditangowotcha mpanda wa chakudya chawo. AZimba, maso ali psuu, anatuma kunyumba kwawo kuti akatenge njerwa zawo zingapo, zoti zidzabwezedwe. Yotamu anazinyamula pamodzi ndi zitini zoimba poopseza njovu nalowera kumunda. Ndinati ndimutsatire. ANyaGoma anati ndawononga zokwanira, ndikagone.

Kutacha sindinadzutsidwe ndi moni. Chitseko chinamenyedwa ndi phazi, ndipo nditatuluka ndinapeza ndowa ziwiri ndi fosholo zili pakhomo. Yotamu anali atabwerako, maso ofiira ndi tulo, koma ndi nkhani yabwino: njovu zinafika m'mphepete, zinanunkhiza, zinabwerera. ANyaGoma sanandiyang'ane n'komwe. Anati njerwa za aZimba zibwezedwa ndi amene anawotcha zathu, ndipo munda ukufunanso zina. Ndinayang'ana mkazi wanga kuti anditeteze, atchule za ukwati ku Chinsali. Iye anali atakhala pamphasa akumwa tiyi, maso otupa, ndipo ananena mokoma mtima kuti ukwati ukadali patali, palibe chothamangira.

Choncho galimoto imene ndinkaitsuka Loweruka lililonse ku Lusaka inapita kudambo kukanyamula ndowe. Zofunika ndi zaziwisi, zoti zigwirane poumba. Yotamu ankaloza, ine ndinkafosholera. Za abwana zinali zitathera mu utsi. Ankanditchula wakhungu, ankati fosholo ndikuigwira ngati bolopeni, anandikumbutsa za njiri ija ndi kunena kuti ngakhale tsiku limenelo woyamba kugenda ndinali ine. Tinakangana za zimenezi njira yonse, buti itadzaza, magalasi onse ali otsitsa. Ndinali ndisanaseke choncho kwa nthawi yaitali.

Kusinja tsabola ndi ntchito yoti mdani wako yekha ndiye ungamufunire. ANyaGoma anatsitsa thumba la tsabola wouma amene analima okha, anandipatsa mtondo wakale wong'aluka umene sasinjiramonso chakudya, nandimanga chitenje cha mkazi wanga kumphuno. Ndinasinja ndikuyetsemula, thukuta likulowetsa moto m'maso. Kenaka kusakaniza ndi ndowe, manja nditavala mapepala apulasitiki, kenaka kuumba. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ndipo ulendo uno palibe anandibweretsera mpando. Anakhala pamthunzi n'kumapereka malangizo. AZimba, amene ndodo yawo inali itapezeka, anati bambo anga anawakwapulapo chifukwa cholemba mokhota, ndiye lero aona mmene mwana wa aTicha amaumbira mowongoka. Njerwa zanga zinatuluka zopindika, zina zonenepa mbali imodzi. ANyaGoma ankadutsa, n'kutola imodzi, n'kuitembenuza, n'kuibweza mumtondo.

Masana anandiponyera mbale ya mpunga wa dzulo ndi nyemba, ndidyere pomwepo pansi pa mtengo. Atandiona ndikuyang'anayang'ana sipuni, anafunsa ngati zala ndinazisiya ku Lusaka. (Ndinasamba m'manja kangapo konse, komabe mpungawo unali ndi ukali wake.) Anakhala chapafupi akusankha nyemba, ndipo osandiyang'ana anayamba kundifunsa za mayi anga, mmene anamwalirira, ngati anavutika. Anandifunsa chifukwa chake sindinatumize uthenga. Anati iwo anamva patapita chaka, kwa munthu wongodutsa, ndipo analira okha kumunda. Ananena zimenezi mokalipa, m'Chisenga, ndipo ine ndinaweramitsa mutu monga ndinkachitira kale.

Tinakhala mpaka njerwa zitayamba kuuma. Mmawa wonyamuka, aNyaGoma anatulutsa kathumba ka mpunga wopuntha n'kupatsa mkazi wanga, kuti akadye ku ukwati. Anamugwira dzanja, namuyamikira kuti ndi mkazi wopirira, poti akudziwa chimene akukhala nacho. Mkazi wa Yotamu ndi anansi ena ananyamula zikwama zake kuti amuperekeze mpaka pamene tinasiya galimoto, kumsewu. Ine ndinaima pabwalo kudikira kuti nawonso adzuke tizipita. Sanadzuke. Anali atakhala kale pamphasa, akutembenuza njerwa zanga zopindika zija kuti ziume mbali inayo.

"Amama, ife tapita," ndinatero.

"Pita."

"Simutiperekeza?"

"Mlendo aperekezedwa kale, uyo ali kutsogolo. Iwe njira uidziwa." Anatembenuza njerwa ina. "Chaka chamawa ubwere mpunga ukalibe kupsa, ukagoneko kumunda. Yotamu wakalamba, sangalonde yekha."

Ndinayenda ndekha kuchoka pabwalopo mpaka kumsewu, kudutsa pakati pa nkhokwe za anthu, ndipo ndinachita kuyenda pang'onopang'ono kuti nkhope ikhale bwino ndisanafike pagulu. Galimoto inanunkha ndowe mpaka ku Chinsali, moti pa ukwati anatipempha kuti tiiimike kutali ndi tenti.

Mkazi wanga akamaliza kusimba nkhaniyi amakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinaphunzira kufunsa ndisanagwire zinthu za eni. Ndimangovomera kuti nkhani ithe, ndipo n'zoona kuti munda wa anthu unatsala pang'ono kupita chifukwa cha ine, zimenezo sindiziseka. Koma pansi pa mtima phunzirolo silinalowe bwino. Ndikanafunsa madzulo aja, aNyaGoma akanandiyankha mwaulemu wonse kuti njerwazo n'za njovu, abambo, khalani pansi musadetse manja. Ndipo mmawa mwake akanandiperekeza mpaka kumsewu.